Gout ndi zomera: chothandiza n'chiti, choopsa n'chiti

Gout ndi mtundu wa nyamakazi womwe umakonda kufika usiku. Chala chachikulu chakuphazi chimatupa n'kutentha, moti ngakhale bulangete likachikhudza bambo wamkulu amabuula. Gwero lake ndi uric acid, asidi amene akachuluka m'magazi amaundana n'kusanduka timiyala tosongoka molumikizana mafupa.

Mankhwala akalekale a matendawa, colchicine, amachokeradi ku chomera, duwa la ku Ulaya lotchedwa autumn crocus. Alimonso m'duwa lofiira mosakanikira ndi chikasu lomwe limayanga m'tchire mwathu nthawi ya dzinja, flame lily, lija a ku Zimbabwe analisankha kukhala duwa la dziko lawo. Chonde musakumbe mizu yake kuti muwiritse. Mlingo wochiritsa ndi mlingo wakupha n'zoyandikana kwambiri, ndipo alipo anthu amene anafa atadya mizuyi poyesa chilazi. Colchicine imwani wa mapiritsi olembedwa ndi dokotala, basi.

Zam'khitchini n'zofatsa. Jinja ndi tameriki ali ndi mphamvu yochepetsako kutupa, ndipo kuwathira mu tiyi kapena m'ndiwo kulibe vuto, kungoti timiyala tija sasungunula. Amene akumwa warfarin ayambe afunsa kuchipatala asanachulutse tameriki. Pa zipatso za cherry, kafukufuku wa ku Boston wa 2012 pa odwala 633 anapeza kuti kuzidya kunachepetsa ndi 35 peresenti chiopsezo choti ululu uyambirenso. Kunotu n'zosowa ndiponso zodula, musadzivute nazo.

Ululu ukayamba, gonekani phazi pamwamba pa pilo, ikanipo ayisi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 20, ndipo imwani madzi ambiri. Musatemepo mphini. Asipilini musiyeni ngati sanakulembereni dokotala, chifukwa amatha kukweza asidi uja. Thupi likatentha n'kumanjenjemera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mwina m'mfundomo mwalowa tizilombo.

Popewa kuti gout ibwerenso, wophika ndiye ali ndi gawo lalikulu. Chiwindi, impso ndi nthumbwana zichepe patebulo, mowa ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo chimodzimodzi. Nyemba, nandolo ndi masamba musaziope. Ngati wodwalayo akumwa hydrochlorothiazide wa BP, auzeni adokotala, poti nayenso amakweza asidiyu. Amene gout imawabwerera pafupipafupi amapatsidwa allopurinol, womwa tsiku lililonse ngakhale chala chitaphwa.