Ntchito masana, sukulu madzulo

Wofunsa: Achikulire, ine zandikwana. Masana ndimakhala mu ofesi ya zandalama ku Limbe, madzulo ndimakaphunzira ACCA, ndipo Disembala ikubwerayi ndikufuna kulemba mapepala atatu. Kwathu akuti ndataya abale, kutchalitchi akuti ndazilala, chibwenzi nacho chayamba kunyinyirika. Nditani?

Mlangizi: Atatu? Akukuthamangitsa ndani, mphwanga?

Wofunsa: Anzanga omwe tinayambira limodzi atsala pang'ono kumaliza.

Mlangizi: Uwafunse ngati onsewo amadzukira kuntchito ngati iwe. Mayeso a ACCA amalembedwa kanayi pachaka: Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala. Ukamalemba limodzi nthawi iliyonse n'kumakhoza, chaka chikamatha wachotsa anayi. Koma ukasenza atatu n'kulakwa awiri, ndalama zolembetseranso uzitenga kuti, poti amalipiritsa m'mapaundi ndipo kwacha ukuidziwa mmene ilili? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Wofunsa: Ngakhale limodzilo, nthawi yowerenga sindiipeza.

Mlangizi: Chifukwa umaifuna usiku, mutu utatopa kale ndi manambala a abwana. Ukafika kunyumba cha m'ma 8, mwina magetsi azima, umatsegula buku n'kumasinza patsamba lomwelo mpaka 12 koloko, kenako n'kumadzinamiza kuti wawerenga. Kagone msanga. Udzuke 4 koloko, nyali ya sola ili pambali, foni ili kuchipinda china, uwerenge mpaka 6. Maola awiri amenewo palibe angakulande. Komanso taona kalendala ya ntchito yako. Mayesowa amagwa kumayambiriro kwa mwezi, nthawi yomwe mu ofesi mukutseka mabuku a mwezi wathawo, ndiye kutsogoloku kuli PAYE yofunika kufika ku MRA pa 14 ndi VAT pa 25. Zimenezi sizisuntha chifukwa iwe uli ndi mayeso. Choncho silabasi uimalize Novembala asanafike pakati, masabata otsalawo akhale oyankha mafunso a mayeso akale, wotchi ili patebulo.

Wofunsa: Abwana sindinawauze kuti ndili pasukulu. Ndimaopa kuti aziti ndikukonzekera kuwathawa.

Mlangizi: Ubisa mpaka liti? Kuti udzakhale membala wa ACCA pamafunika miyezi 36 yogwira ntchito ya zowerengera ndalama, ndipo wokuyang'anira ndi amene amaikira umboni. Ntchito ukuidandaulayi ndi gawo la sukulu yomweyo. Kawauze, upemphenso tchuthi nthawi ikadalipo. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa wogwira masiku asanu pasabata tchuthi cha masiku 15 pachaka, wogwira masiku asanu ndi limodzi 18. Ukapempha kutatsala miyezi iwiri, abwana amapeza wokugwirira. Ukapempha Lachisanu mayeso ali Lolemba, akakana usawanene kuti ndi ankhanza.

Wofunsa: Nanga abale? Loweruka lililonse pamakhala kanthu.

Mlangizi: Apa ndiye povuta, ndipo sindikunamiza kuti onse adzakumvetsa. Maliro a m'banja pita, ngakhale mayeso atayandikira. Pepala udzalembanso Malichi, koma kusowa kwako pamaliro anthu sadzaiwala. Zinazi sankha. Chinkhoswe cha mnzake wa msuweni wako, tumiza kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money, uimbe foni upepese, basi. Chomwe ndikuletseretu ndi makomiti aukwati. Anthu akangomva kuti umawerengera ndalama, usungichuma ndi wako, ndiye misonkhano Lamlungu lililonse kwa miyezi itatu, usiku mauthenga pa WhatsApp ofunsa amene sanasonkhe. Ukane tsiku loyamba lomwelo, mwaulemu, utchule mwezi womwe udzamasuke. Amayi ako uwauze wekha masiku a mayeso, adzakuyankhira kwa achibale ena.

Wofunsa: Chibwenzi chija?

Mlangizi: Munthu satopa ndi kudikira akadziwa tsiku lake, chimamutopetsa ndi "tionana ndikapeza mpata". Mupatse Lamlungu masana mukaweruka kutchalitchi, mabuku atsekedwe, ndipo usamasinthesinthe. Nawenso mutu wako upumire pomwepo.

Wofunsa: Ndiye kuti ndichedwa kumaliza.

Mlangizi: Uchedwa pang'ono, inde, koma ntchito ikadali m'manja ndiponso anthu ako akukulankhula. Kalembetse pepala limodzi, ndipo Lolemba m'mawa ukaonane ndi abwana za tchuthi chija.