Mabuku Atatu ndi Mafunso Atatu

Mlenje wanzeru akapeza mapazi a nyama m'thengo sathamanga ayi. Ayamba wawerama, nayang'anitsitsa, nadzifunsa kuti, Kodi nyama iyi ndi yanji? Yapita liti pano? Momwemonso mwana wa sukulu akalandira buku ayenera kufunsa mafunso atatu: Analilemba ndani? Zinthu zimenezi anazidziwa bwanji? Kodi zinachitikadi, kapena ndi nthano? Pakuti m'buku lililonse muli mapazi a mwini wake. Nawa mabuku atatu okoma: la kusaka nyama, la mbiri, ndi la ulendo.

1. Buku la Kusaka Nyama

Loyamba dzina lake ndi The Man-eaters of Tsavo, ndiko kunena mikango yodya anthu ya ku Tsavo. Analilemba John Henry Patterson, ndipo linatuluka m'chaka cha 1907.

M'chaka cha 1898 anthu anali kumanga njanji m'dziko la Kenya, yochokera ku Mombasa kunka ku nyanja ya Victoria. Patterson ndiye anali kuyang'anira ntchito yomanga mlatho pa mtsinje wa Tsavo. Tsono mikango iwiri yamphongo inayamba kulowa m'misasa usiku, nigwira anthu ali m'tulo. Antchito anamanga mipanda ya minga, nasonkha moto, koma mikangoyo inapyola ndithu. Anthu ambiri anathawa, ndipo ntchito inaima. Pomaliza Patterson anamanga nsanja pafupi ndi bulu wakufa, nakhala pamenepo yekha mumdima, nawombera mkango umodzi. Unzake anaupha patapita masabata atatu, m'mwezi womwewo wa December.

Nkhaniyi ndi yoona, ndipo wolemba anaona ndi maso ake. Komatu mlenje posimba za uzimba wake sachepetsa nyama. M'bukumo Patterson analemba kuti anafa antchito 28 a ku India, pamodzi ndi anthu akuda ambiri amene panalibe wowawerenga. Patapita zaka anati onse pamodzi anali 135. Zikopa ndi zigaza za mikangoyo zinasungidwa ku Chicago, m'dziko la America, ndipo m'chaka cha 2009 anthu ophunzira anapima ubweya ndi mafupa ake, pakuti chakudya chimasiya chizindikiro m'thupi. Iwo anapeza kuti anthu odyedwa anali ngati 35. Chifukwa chake mwana awerenge bukuli mokondwa, koma akumbukire kuti ngakhale mboni imene inalipo itha kuwonjeza.

2. Buku la Mbiri

Lachiwiri ndi Mbiri ya Achewa, lolembedwa m'chinenero cha kuno konkuno. Mwini wake ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi, amene anabadwa m'chaka cha 1905 namwalira m'chaka cha 1976. Ndiye yemweyo analemba Nthondo, buku limene linatuluka m'chaka cha 1933.

Mbiri ya Achewa isimba za kumene makolo anachokera, za Kalonga ndi mudzi wake waukulu wa ku Mankhamba, za Undi amene anapatuka nanka kumadzulo, ndi za kachisi wa ku Msinja kumene Makewana anali kupempha mvula.

Ntara sanamuone Kalonga. Nanga anadziwa bwanji? Anafunsa nkhalamba ndi mafumu, namvera mofatsa, nalemba zimene anamuuza. Nkhalambazo zinapita kale kuli chete, ndipo iye akadapanda kulemba, nkhani zambiri zikadalowa nazo m'manda. Koma nkhani yoyenda pakamwa zaka mazana imasintha panjira. Mudzi uno anena mwakuti, mudzi uko anena mwina, ndipo mbumba iliyonse ikweza kholo lake. Motero mwana akawerenga chaputala chimodzi, achita bwino kukafunsa agogo ake ngati iwonso anamva chomwecho. Zikasiyana, asafulumire kunena kuti wina wanama. Alembe zonse ziwiri m'kope lake, pamodzi ndi dzina la mudzi kumene anazimva.

3. Buku la Ulendo

Lachitatu ndi Robinson Crusoe, limene analemba Daniel Defoe wa ku England, ndipo linatuluka m'chaka cha 1719. Linena za mnyamata amene anakana mawu a atate wake, nakwera chombo. Atayenda maulendo angapo, chombo chinasweka, anzake onse namira, iye yekha napulumukira pa chisumbu. Anakhala komweko zaka 28. Anamanga pogona, naweta mbuzi zakuthengo, nafesa mbewu pang'ono zimene anapeza, nazisunga kufikira zitachuluka. Tsiku lina anagwetsa mtengo waukulu, nasema bwato miyezi ingapo. Koma atatha anapeza kuti sangathe kulikokera kumadzi, pakuti sanayambe waganiza za kulemera kwake. Ndipo tsiku linanso anaona phazi la munthu pamchenga, nachita mantha aakulu.

Bukuli lilankhula monga ngati Crusoe mwini asimba za moyo wake, koma munthu ameneyu sanakhalepo ayi. Defoe anapeka nkhaniyi. Analipo ndithu wamalinyero wa ku Scotland, dzina lake Alexander Selkirk, amene anakhala yekha pa chisumbu cha kufupi ndi dziko la Chile kuyambira 1704 kufikira 1709, ndipo mbiri yake inamveka m'dziko la England masiku a Defoe. Kodi tsono buku lopeka lilibe ntchito? Iyayi. Kalulu wa m'nthano sanalankhulepo, koma ana aphunzira nzeru kwa iye. Choipa ndi chimodzi chokha, ndicho kuyesa nthano mbiri.

Mabuku awiri mwa atatuwa ali m'Chingerezi. Ana amene sanafike pochimva apemphe mphunzitsi wawo kuti awasimbire pang'onopang'ono. Ndipo wobwereka buku alisunge pouma, kutali ndi chiswe ndi utsi, kuti mnzake adzalipeze lili bwino.

Mwana amene akhulupirira zonse zolembedwa pa pepala anyengedwa msanga, ndipo amene akana zonse sapindula kanthu. Wanzeru ndiye amene awerenga nafunsa. Akulu anati, safunsa anadya phula.

Mafunso

1. Kodi mafunso atatu a mwana wowerenga ndi ati?
2. Anthu ophunzira anadziwa bwanji chiwerengero cha anthu amene mikango ya ku Tsavo inadya?
3. Ntara anazitenga kuti nkhani za Kalonga?
4. Crusoe analakwa chiyani posema bwato?
5. Kodi nthano isiyana bwanji ndi mbiri?