Nthenda ya Lupus ndi Impso: Mkodzo Uzipimidwa Kawiri-kawiri

Lupus ndi nthenda imene anthu ambiri sanaimvepo, koma iliko ndithu. M'thupi la munthu muli asilikali amene nchito yao ndi kumenyana ndi tizirombo tobweretsa matenda. Pa nthenda ya lupus asilikaliwa amasokonezeka, nayamba kumenya thupi lao lomwe: khungu, mfundo za mafupa, magazi, mtima ndi impso. Pa odwala 10 alionse, 9 ndi akazi, makamaka a zaka za pakati pa 15 ndi 45. Anthu akuda imawagwira kwambiri kuposa azungu. Nthendayi siipatsirana, si AIDS, ndiponso si ya kulodzedwa.

Zizindikiro zake

Wodwala amakhala wotopa nthawi zonse, thupi limatentha, mfundo za zala ndi maondo zimawawa. Tsitsi limathothoka, m'kamwa mumacita zironda, ndipo ena amaturuka zidzolo pamasaya ndi pamphuno zooneka ngati mapiko a gulugufe. Popeza zizindikirozi zifanana ndi za malungo kapena TB, ena amataya miyezi akumwa mankhwala a nthenda imene alibe. Munthu amene wapimidwa malungo, TB ndi HIV osapezeka nazo, koma osacira, apemphe kutumizidwa ku cipatala cacikuru.

Ngozi ya ku impso

Impso ziwiri zimasefa magazi ndi kutaya zoipa mu mkodzo. Odwala lupus acikulire ofika 5 mwa 10 nthendayi imawalowa ku impso. Coopsa ndi cakuti poyamba impso siziwawa. Munthu angamve bwino, akulima ndi kutunga madzi, pamene sefa ya m'impso iri kung'ambika. Kuonongeka kukapitirira miyezi 3, nthenda ya impso yakhazikika, ndipo mbali imene yafa siibwerera.

Cimene cimaulula msanga ndi mkodzo. Kucipatala amaviikamo kapepala koonetsa ngati muli mapulotini kapena magazi, ndipo zotsatira zimaturuka m'mphindi zocepa. Wodwala lupus azipimitsa mkodzo ndi BP paulendo uliwonse wa ku kiliniki, ngakhale akumva bwino, osapitirira miyezi 3 kapena 6. Magazi naonso azipimidwa kuona creatinine, amene amakwera impso zikafooka. Mkodzo wa thobvu kapena wofiira, kutupa mapazi ndi zikope m'mawa, ndi mutu wosaleka ndi zifukwa zopitira kucipatala tsiku lomwelo.

Mankhwala

Lupus siicira kotheratu, koma imagonekedwa. Pafupi-fupi wodwala aliyense amapatsidwa hydroxychloroquine, m'bale wake wa chloroquine amene kale anali mankhwala a malungo. Womwa mankhwalawa azipimitsa maso caka ndi caka, makamaka akakwanitsa zaka 5. Prednisolone imacepetsa ukali wa nthenda, koma kuileka mwadzidzidzi kungaphe munthu. Dokotala ndiye amacepetsa pang'ono-pang'ono. Impso zikagwidwa amaonjezerapo mycophenolate kapena cyclophosphamide, pamodzi ndi mankhwala a BP monga enalapril. Mankhwala a lupus amafooketsa asilikali a m'thupi, motero cifuwa cosatha kapena kutentha thupi si zinthu zodikira nazo kunyumba.

Zocita kunyumba

Brufen, diclofenac ndi Indocid zimaononga impso zodwala. Pa ululu wodwala amwe Panado monga mwa malangizo a kucipatala. Mizu ndi zitsamba za kwa ang'anga azipewe, cifukwa zina zimaononga impso. Mcere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo kapenta kapena nsomba za mcere zizibviikidwa m'madzi zisanaphikidwe. Dzuwa limadzutsa lupus, conco popita kumunda abvale cisoti ndi malaya a manja atali-atali. Fodya aleke.

Za mimba

Mai wodwala lupus angathe kubereka, koma akambirane ndi dokotala asanatenge mimba. Ndi bwino kudikira nthenda itagona kwa miyezi 6. Mycophenolate, cyclophosphamide ndi enalapril zimabvulaza mwana m'mimba, ndipo ziyenera kusinthidwa mimba isanaime. Amuna ao ndi apongozi asamuumirize.

Impso zikalephera

Impso zikalekeratu nchito, magazi amatsukidwa ndi makina, njira yochedwa dialysis, kawiri-kawiri katatu pa sabata, maola 4 ulendo uliwonse. Njira ina ndiyo kuikidwa impso ya munthu wina, opaleshoni imene inacitika koyamba mu Zambia pa UTH ku Lusaka mu 2018. Njira zonse ziwirizi zimadya ndalama ndi maulendo atali. Odwala ambiri amene amapezeka msanga ndi kumwa mankhwala mosadumphitsa safika pamenepo. Abale athandize wodwala kusunga khadi la kucipatala, kukumbukira tsiku lobwerera, ndi kumupezera ndalama ya basi.