Za Malasha Opita pa Njanje ya Kwathu

Abale, inu okhala m'mbali mwa njanje ku Nkaya, ku Liwonde ndi ku Nayuchi, mwazolowera kuona sitima yaitali yosenza malasha ilikunka kum'mawa. Tiyeni tiphunzire za kumene acokera, ndi cimene catsala komweko.

Malashawo akumbidwa ku Moatize, m'dziko la Tete. Kampani ya Vale inayamba kuwaturutsa m'caka ca 2011, nimanga njanje yopyola dziko lathu kunka ku nyanja ya mcere ku Nacala. Ndipo m'caka ca 2022 inagulitsa mgodi ndi njanje yomwe kwa kampani ya Vulcan.

Tsono mgodi umenewo suli una wolowa pansi ai. Anchito ayamba apala nthaka yonse ya pamwamba, ija yobala cimanga, naphwanya thanthwe ndi wonga, kufikira malasha aoneka poyera. Potero patsala dzenje lalikuru ndi miulu ya miyala. Ndipo nthaka yacondeyo siibwera msanga; yozama ngati cala cimodzi ifuna zaka mazana kuti ipangike. Mlimi amene munda wace unakokoloka adziwa kale cimeneci.

Za madzi nzobisika koposa. M'malasha ambiri muli mwala wa sulufule. Pokhala pansi supweteka kanthu. Koma ukakomana ndi mpweya ndi mvula, usandutsa madzi akhale owawasa, ndipo madziwo asungunula zitsulo za m'miyala nazitengera kumitsinje. Madzi otere angaoneke oyera mbee, koma nsomba sizikhalamo. Ndiponso pamene anchito apopa madzi m'dzenje kuti akumbe pouma, zitsime za pafupi ziphwa.

Nanga eni minda? M'zaka za 2009 ndi 2010 mabanja oposa 700 anasamutsidwa kunka ku Cateme, mtunda wa mailosi ngati 25 kucokera ku Moatize. Anadandaula kuti minda yatsopano njamiyala, ndipo mu Januwale 2012 anatseka njanje, sitima niima.

Tisayese kuti izi nza kwa anzathu okha, pakuti m'dziko lathu lino mulinso migodi ya malasha, ku Rumphi ndi ku Karonga. Pa Mwabulambo, ku Karonga, kampani ya Eland inaleka nchito m'caka ca 2015, nisiya maenje osakwirira pafupi ndi midzi. Maenjewo anadzala madzi, ndipo makolo anakhala ndi mantha cifukwa ca ana ao ndi ng'ombe zao.