Momwe Kompyuta Imagawira Mawu Kukhala Zilembo

Kompyuta ndi foni siziwerenga mawu monga amachitira munthu. Munthu akaona dzina lakuti Lundazi amalizindikira nthawi yomweyo, koma makina amaona zilembo 7 zondondozana ngati mikanda pa ulusi: L, u, n, d, a, z, i. Olemba mapulogalamu amatcha mndandanda wotere string. Manambala, mpumiro, ngakhale mpata wa pakati pa mawu, chilichonse chimawerengedwa ngati chilembo pachokha.

Kuti pulogalamu ifufuze zimene munthu walemba, imayamba yagawa mawuwo. M'chinenero cha makompyuta chotchedwa Python, chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, wolemba pulogalamu amalemba list("Lundazi") ndipo zilembo zonse zimatuluka chilichonse payekha. Njira ina ndi yotchula malo a chilembo chimene akufuna. Apa kuwerenga kumayambira pa 0, osati pa 1, choncho L ali pa malo 0 ndipo i ali pa malo 6. Njira yachitatu ndi yogwiritsa ntchito lamulo la for, limene limatenga chilembo chimodzi, kuchiunika, n'kupita pa chotsatira mpaka mawu atatha. M'chinenero china chotchedwa JavaScript ntchito yogawa mawuyi imachitika ndi split("").

Zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku pa boma la Lundazi ndi m'midzi momwe. Nambala ya chiphaso cha NRC ili ndi manambala 6, kamzere, manambala 2, kamzere kena, kenako nambala imodzi. Zonse pamodzi ndi zilembo 11. Mlimi akamalembetsa feteleza wa ndondomeko ya boma ya FISP, pulogalamu ingathe kugawa nambalayo n'kuona ngati timizere tili pamalo pake, ndiponso ngati sipanalowe chilembo pamene payenera kukhala nambala. Nambala ya foni nayo ili ndi manambala 10, ndipo atatu oyambirira ndi amene amasonyeza kampani: 097 ndi Airtel, 096 ndi MTN, 095 ndi Zamtel.

Apa m'pofunika kusamala kwambiri. Pa pepala chilembo O ndi nambala 0 zimaoneka zofanana, chimodzimodzinso l wamng'ono ndi 1, koma kwa makina n'zosiyana kotheratu. Chala chikaphonya n'kuika mpata kumapeto kwa dzina, pulogalamu ina imaona ngati ndi dzina la munthu wina. Choopsa koposa n'chakuti pulogalamu imangoona ngati zilembo zakwanira ndiponso zili pamalo pake. Munthu akasinthanitsa manambala awiri a foni potumiza ndalama, n'kulemba 63 m'malo mwa 36, manambala amakhalabe 10, ndipo ndalama za mtedza kapena soya zimene banja lakhetsera thukuta chaka chonse zingapite kwa mlendo. N'chifukwa chake wotumiza ndalama ayenera kuwerenga nambala imodziimodzi akuloza ndi chala, aonenso dzina limene latuluka pa foni asanaike PIN. Amene maso ayamba kuvuta apemphe mwana kapena mnzake wodalirika kuti awerenge mokweza, koma PIN aike yekha.

Mkati mwa makina chilembo chilichonse chimasungidwa ngati nambala. A wamkulu ndi 65, a wamng'ono ndi 97. Makina sadziwa kamvekedwe ka mawu, choncho ng' wa m'mawu akuti ng'ombe, amene pakamwa amamveka ngati liwu limodzi, amagawidwa patatu: n, g ndi kachizindikiro ka pamwamba.

Chilembo ŵ, chimene Atumbuka ndi Achewa a ku Lundazi amachidziwa bwino, chili ndi vuto lakelake. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160, koma ŵ mulibe m'gulu la zilembo wamba za SMS. Akangolowamo mmodzi, foni imasintha kasungidwe ka uthenga wonse ndipo malo amatsika kufika pa zilembo 70. Uthenga wa zilembo 100 umene ukanapita ngati umodzi umagawidwa pawiri, ndipo wotumiza amalipira mauthenga awiri.