Phunziro la Lero: Zomera ndi Khansa ya Chiwindi

Ana inu, tsegulani makope. Mwamvapo kuti moringa, nimu kapena turmeric zimapha khansa. Ena amakuonetsani pafoni kuti asayansi atsimikiza. Lero tiunike kuti asayansiwo amachita chiyani kwenikweni.

Poyesa mankhwala a khansa ya chiwindi, ambiri amayamba ndi maselo otchedwa HepG2. Maselowa anachotsedwa mu 1975 pa chotupa cha m'chiwindi cha mnyamata wa zaka 15, ndipo mpaka lero akuswana m'timbale ta m'malabotale. Wofufuza amafinya tsamba, kupatula chinthu chimodzi, monga curcumin wa mu turmeric, n'kuchidonthezera m'kambale. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri amawerenga maselo amene afa. Zinthu zambiri za m'zomera zimawaphadi: zina zimawaletsa kugawikana, zina zimawachititsa kudzipha okha.

Koma lembani ichi: kambale si munthu. Moto umapha kaufiti m'munda, koma umapsereza ndi chimanga chomwe. Funso lenileni n'lakuti, kodi chinthucho chingaphe chotupa n'kusiya thupi lili moyo? Curcumin akamwedwa, wochepa kwambiri ndi amene amalowa m'magazi, ndipo chiwindi chomwecho chimamuphwanya msanga. N'chifukwa chake mankhwala amayesedwa pa mbewa, kenako pa anthu ochepa, kenako pa mazanamazana. Ambiri amagwera m'njira.

Alipo amene anafika. Kaduwa kofiirira kapena koyera kotchedwa Madagascar periwinkle, kamene ambiri amabzala pakhomo, kanatipatsa vinblastine, amene Robert Noble ndi Charles Beer anamupeza ku Canada mu 1958. Mnzake vincristine amathandiza ana odwala khansa ya m'magazi. Komabe sawiritsa masamba mumphika. Amayenga milu ya masamba kuti apeze kachidutswa, ndipo dokotala amakayeza mosamala polowetsa mumtsempha, pakuti n'chiphe. Ku South Africa muzu wotchedwa impila wapha anthu ambiri powononga chiwindi, ngakhale ankaumwa ngati mankhwala. Kumera m'tchire sikutanthauza kuti chinthu n'chabwino.

Tsopano tibwere kwathu kuno, chifukwa mdani wamkulu wa chiwindi ali m'nkhokwe. Chuku chotchedwa Aspergillus flavus chimamera pa nshawa ndi chimanga zikavutika ndi chilala m'munda kapena zikasungidwa zosauma. Chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene anadziwika pambuyo pa 1960, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya cha nshawa chochokera ku Brazil. Poizoniyu safa ndi kukazinga kapena kuphika. Akafika m'chiwindi amamatirira pa DNA, n'kuwononga jini yotchedwa TP53, imene ntchito yake n'kuletsa selo lowonongeka kuswana. Munthu wodya poizoniyu akakhalanso ndi kachilombo ka hepatitis B, ngozi imachuluka kambirimbiri. Kachasu amangowonjezera mavuto.

Taganizani zimene zimachitika pa mphasa nthawi yosenda. Nshawa zimawazidwa madzi kuti makoko afewe, n'kuikidwa m'thumba zili zonyowa. Zonenepa zimapita kwa ogula, pamene zofota, zosweka ndi zowawa zija zimasinjidwa kukhala nsinjiro zotendera ndiwo za ana. Tagulitsa zabwino, tadya chuku.

Polimbana ndi aflatoxin ndi pamene zomera zaonetsa mphamvu yoyezeka. Ku Qidong, m'dziko la China, kumene khansa ya chiwindi inali yofala, anthu 180 anachita nawo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2001. Ena anamwa chlorophyllin, wopangidwa kuchokera ku chinthu chimene chimabiriwitsa masamba, katatu patsiku kwa miyezi inayi. Zizindikiro za kuwononga kwa aflatoxin mumkodzo mwawo zinatsika ndi 55 peresenti. Chlorophyllin amagwira poizoni m'matumbo asanalowe m'magazi. Onetsetsani: uku n'kutchinga, osati kuchiza chotupa chimene chamera kale.

Tichite chiyani tsono? Nshawa zizikumbidwa pa nthawi yake, ziziuma bwino osati pa dothi lonyowa, zizisungidwa ndi makoko ake pamalo okwera, ndipo zowola zizitayidwa, osapatsa ngakhale nkhuku. Makanda azilandira katemera wa hepatitis B ku sikelo pa masabata 6, 10 ndi 14. Wachibale amene maso achita chikasu, mimba yatupa, kapena akumva kuwawa pansi pa nthiti za kumanja, apite msanga kuchipatala cha Petauke, Nyimba kapena Minga. Kumeneko angatumizidwe ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Miyezi yothera pa zitsamba zosayesedwa ndi imene chotupa chimakulira.

Ntchito ya kunyumba: tapani nshawa zodzaza manja awiri, musankhule zofota ndi zachuku, muwerenge mbali zonse ziwiri, ndipo mufunse amayi kapena agogo kumene zoipazo zimapita. Lolemba tidzalemba mayankho anu pabolodi.