Mng'alu Umene Unkabwerera Chaka ndi Chaka

Okutobala akafika ku Salima, makwerero amasowa kobwereka. Dzuwa limakhala likuswa mtengo, ndipo aliyense amakumbukira nthawi imodzi kuti denga lake linkadontha mvula yathayi. M'mahadiweya a pa Kamuzu Road misomali ya malata ndi simenti yoyeza pa kilo zimayenda malonda. Palibe cholakwika pamenepo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la simenti linasanduka nkhani yoti banja liyambe lakhala pansi, ndipo mmisiri nayenso amafuna zake. Amene ali ndi manja amadzigwirira yekha. Kusintha loko, kupenta, kukhoma lata lomwe lazuka, zonsezi sizifuna satifiketi. Koma pali ntchito zina zomwe zimaonekera pakhoma pamene gwero lake lili pansi pa nthaka, ndipo nkhani ya aphunzitsi ena opuma pantchito, okhala chakufupi ndi nyanja m'dera la Mfumu Maganga, ndi ya ntchito zoterozo. Dzina ndilisunga, pakuti tikuonanabe pamaliro ndi pamsika.

Nyumba yawo inamangidwa anthu akadali ndi mantha a chivomezi. Usiku wa pa 10 Malichi 1989 nthaka inagwedezeka ku Salima ndi mphamvu yopitirira 6 pa muyezo wa zivomezi. Anthu 9 anamwalira, pafupifupi 100 anavulala, ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Nyanja yathuyi ili m'chigwa cha Rift Valley, momwe nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, choncho zimene zinachitikazo, monganso za ku Karonga mu Disembala 2009, sizinali zachilendo kwa odziwa za miyala. Mmisiri wachikulire amene anawamangira aphunzitsi anali ataona ndi maso ake makoma omwe anagwa ndi omwe anatsala. Anawapempha kuti athire lintala ya konkire ndi zitsulo kuzungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo. Malipiro a mphunzitsi wa pulayimale sanalole. Njerwa zinali zootcha, koma anamangira dothi, simenti n'kungoipaka kunja ngati pulasitala. Chimodzi chokha mkuluyo sanagonje nacho: anamanga denga ku khoma ndi mawaya okhuthala, kuwakoloweka pa mtanda wa pamwamba n'kuwatsitsa mizere isanu ya njerwa, kuboola khoma, kenako kuwapota zolimba. M'chipinda chochezera mawayawo ankaonekera poyera, akuda ndi utsi wa nyali, ndipo mayi a m'nyumbamo ankapachikapo kalendala.

Mng'alu unayamba patapita zaka. Unachokera pangodya ya windo la kum'mawa, n'kutsika motsatira mizere ya njerwa ngati masitepe mpaka pafupi ndi maziko. Aphunzitsi ndi munthu waukhondo, wosafuna kuona chinthu chopindika. Okutobala aliyense ankagula makilo angapo a simenti, kutuma adzukulu kukatapa mchenga m'mbali mwa msewu, kusakaniza pa chidutswa cha lata, n'kumata bwinobwino ndi chipande. Pamwamba ankapaka laimu. Alendo obwera pa Khirisimasi ankayamikira nyumba yowala. Pofika Ogasiti mng'alu uja unkakhala utabwerera pomwe paja, utakulako pang'ono.

Iwo ankati vuto ndi simenti ya masiku ano. Pang'ono ankanena zoona, koma osati mmene ankaganizira. Simenti yogula pa kilo nthawi zambiri imachokera m'thumba lomwe lakhala lotsegula kwa masabata, ndipo ikayamba kuchita timibulu yatha kale mphamvu. Mchenga wa m'mbali mwa msewu umakhala ndi dothi lambiri. Mutauthira m'botolo la madzi, kukhutchumula n'kuusiya usiku wonse, mudzaona matope atakhala pamwamba pa mchengawo, ndipo matope amenewo ndi amene amalanda simenti mphamvu. Ndiye pali kutentha kwa kuno. Simenti siuma ngati chovala pa chingwe. Imalimba pomwa madzi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amisiri amathirira ntchito yawo kwa sabata yathunthu. Yomata masana mu Okutobala n'kuisiya osathirira imapsa tsiku lomwelo, ndipo mutha kuifwafwaza ndi chala.

Komabe ngakhale akanagula thumba latsopano la makilo 50, n'kusakaniza moyenera ndi mawilibala atatu a mchenga wabwino wa kumtsinje, mng'aluwo ukanabwerabe. Khoma silinkang'ambika chifukwa cha pulasitala. Linkang'ambika chifukwa ngodya ya nyumba inkayenda.

Chigwa cha Salima chili ndi malo ambiri a dothi lakuda la makande, lomwe alimi a mpunga ndi thonje amalidziwa bwino. Mvula ikagwa limafufuma, chilimwe limanyala n'kuchita ming'alu yoti dzanja kulowa. Nyumba yokhala pa dothi lotere imakwezedwa ndi kutsitsidwa chaka chilichonse, ndipo mbali zake sizikwera mofanana. Kwina, kufupi ndi gombe, pansi ndi mchenga ndipo madzi ali pafupi kwambiri. Amene anakumbapo chitsime kapena chimbudzi kumeneko akudziwa. Nyumba ya aphunzitsi inali pamalire a ziwirizi, ndipo madzi onse a padenga la kum'mawa ankagwera pangodya yomweyo, popanda ngalande yowapititsa kutali. M'chaka cha 2024 nyanja inakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Nkhotakota ndi kuno ku Salima. Achikulire anakumbukira 1980, pomwe inakwera kuposa pamenepo. Madziwo sanafike pakhomo pa aphunzitsi, koma pansi panali patanyowa, ndipo chinyontho chinakwera m'khoma mpaka m'mawondo, laimu n'kumasupuka. Pansi pa khomalo panalibe pepala la pulasitiki lotchinga chinyontho limene amisiri amayala pamwamba pa maziko.

Chaka chimenecho ndi chimene anaganiza zotsegula kaokala. Penshoni inali itachepa mphamvu, ndipo chipinda cha kum'mawa, chomwe chinayang'ana kanjira ka asodzi opita kugombe, chinali pamalo abwino ogulitsira sopo, shuga ndi mabatire a tochi. Panafunika khomo lotulukira kunja. Anaona kuti mng'alu uja wawathandiza kale theka la ntchito: windo lilipo, khoma n'lofewa, kungogumula pansi pa windo n'kukulitsa mbali imodzi.

Mnyamata wina wa m'mudzimo, yemwe anamuphunzitsa okha Sitandade 6 ndipo pambuyo pake anakaphunzira zomangamanga ku Salima Technical College, anadutsa n'kuwapeza ali ndi hamala m'manja.

"Aphunzitsi, pepani ndilankhuleko. Khomo limeneli likufuna lintala yake pamwamba. Komanso mng'alu uwu ukuonekera mkati ndi kunja komwe. Tikanayamba takumba pangodyapa tione maziko."

"Iwe, nyumba imeneyi inamangidwa usanabadwe. Lintala ndi zingati?"

Mnyamatayo anatchula mtengo wa zitsulo, miyala, simenti ndi wa dzanja lake. Aphunzitsi anaseka, n'kumuuza kuti akapeze ena odyera. Kunena chilungamo, kukayikira kwawo kunali ndi pochokera. Aliyense kuno ali ndi nkhani ya mmisiri amene analandira ndalama n'kusowa, kapena amene matumba a simenti ankatuluka naye pa njinga madzulo. Koma kuti amisiri ena ndi akuba sizisintha kulemera kwa njerwa zokhala pamwamba pa khomo. Anaikapo thabwa limodzi la bulugamu, felemu ya chitseko n'kuikhomera pomwepo.

Atatha kumata ndi kupaka, chipinda chinaoneka bwino kwambiri moti mawaya akale aja anayamba kuwanyansa. Awiri anali m'chipinda cha okala, awiri pabalaza. Mmodzi anali atadyeka ndi dzimbiri, ndipo m'malo momusintha anatenga pulayazi n'kudula onse anayi, mabowo n'kutseka ndi simenti.

Mayi anafunsa ali pakhomo la khitchini: "Abambo, zingwe zimenezo si zija anati zimagwira denga?"

"Denga limagwidwa ndi kulemera kwake, mayi. Malata onsewa ndi mitengo yake angapite kuti?"

Apa ndi pamene anthu ambiri ophunzira bwino amaphonya. Timaganiza kuti mphepo imakankha denga cham'mbali, ndiye cholemera sichingasunthe. Mphepo yothamanga pamwamba pa malata imawakokera m'mwamba, ndipo ikapeza polowera, pakhomo kapena pawindo lotsegula, imadzaza m'nyumba n'kumakankha kuchokera pansi. Denga la malata, makamaka opyapyala a geji 32 omwe ambiri timakwanitsa, ndi lopepuka kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake. Chimene chimaliletsa kuuluka ndi unyolo wa zinthu zogwirana: msomali wa chipewa kugwira lata ku mtengo wopingasa, mtengowo kugwira ku phaso, phaso ku mtanda, mtanda ku khoma. Aphunzitsi ankasamala kwambiri mfundo yoyamba. Chaka chilichonse ankakwera kukakhoma misomali pamsana pa lata monga zimafunikira, n'kuipinda kunsi. Choncho denga lawo linali logwirana bwino lokhalokha, koma losagwira nyumba. Anansi ena amasanjika miyala ndi matayala padenga. Zimathandiza pa kamphepo, koma m'dziko la zivomezi mwala wa padenga uli ndi njira imodzi yokha yotsikira.

Mwera wa m'miyezi yozizira, umene umagwetsa mabwato a asodzi, si umene umasasula madenga ambiri kuno. Ndi mphepo yamkuntho imene imatsogolera mvula zoyamba, ija imabwera mwadzidzidzi masana kukatentha kwambiri, fumbi patsogolo, mabingu pambuyo. Inafika tsiku lina chakumadzulo, chitseko cha okala chili chotsegula chifukwa panali kasitomala. Amene anaona akuti denga la mbali ya kum'mawa linanyamuka lonse pamodzi, malata ndi mitengo yomwe, n'kukagwera m'munda wa chinangwa wa anansi. Ponyamuka linakoka waya wa magetsi wolowa m'nyumba, n'kuusiya uli lende pabwalo, ndipo anali mayi amene anakuwa kuletsa ana kuti asayandikire mpaka a ESCOM atabwera.

Khoma silinagwe nthawi yomweyo. Mvula inagwa usiku wonse pa njerwa zopanda chofunda, dothi la pakati pake n'kusanduka phala. Pulasitala ya simenti, yomwe kwa zaka zonsezi inkabisa za mkati, inasunga madziwo kuti asatuluke. Mbandakucha thabwa la bulugamu lija linagonja, ndipo ngodya yonse, kuyambira pakhomo latsopano kutsata mng'alu wakale, inakhuthukira mkati. Inaphwanya mashelefu, katundu wa okala, ndi bedi limene mdzukulu wawo wamkazi ankagonapo masiku onse polondera katunduyo. Usiku umenewo anali atamusamutsira kwa azakhali ake chifukwa cha mvulayo. Anthu obwera kudzazonda m'mawa ankangoyang'ana bedilo n'kugwira pakamwa.

Mnyamata uja anabwera osaitanidwa, ndipo sanakumbutse zimene ananena. Anatenga khasu n'kukumba pangodya. Maziko anali osafika ndi mpini wa khasu womwe: mizere itatu ya njerwa pa dothi lonyowa, popanda konkire pansi. Anawaonetsanso mtanda wa mbali yotsala, umene kunja unkaoneka wabwino koma ataubaya ndi sikuludiraiva inalowa ngati m'chinangwa chophika. Chiswe chinali chitakwera kudzera m'dothi la pakati pa njerwa, kuseri kwa laimu woyera.

Ndinamufunsa pambuyo pake kuti munthu wamba angasiyanitse bwanji mng'alu womata yekha ndi woitanira anthu. Anati wa pulasitala yokha umakhala wopyapyala ngati tsitsi, umayenda mosalongosoka, ndipo kuseri kwa khoma suoneka. Umenewo matani, thirirani, iwalani. Koma ukamatsata mizere ya njerwa, ukaonekera mbali zonse ziwiri, ukakhala wotakasuka pamwamba kusiyana ndi pansi, kapena chitseko chapafupi chikayamba kukanira nyengo ina n'kumasuka nyengo ina, ndiye kuti pansi pakuyenda. Anati musanathamangire kumata, lembani ndi pensulo pomwe mng'alu wathera pamodzi ndi tsiku, ndipo pakani kachigamba kopyapyala ka simenti kodutsa pamng'alupo. Kakathyoka pakatha miyezi iwiri kapena itatu, khomalo likuyendabe. Ndipo ntchito yoyamba, imene mwini nyumba angaigwire yekha popanda kulipira munthu, ndi ya khasu: kukumba ngalande yochotsa madzi a padenga, kukweza dothi m'mbali mwa khoma kuti madzi azithawa nyumba, ndi kusabzala nthochi kapena kuika bafa pafupi ndi maziko. Aphunzitsi, pa zaka zonse zomata zija, sanakumbepo ngalande ngakhale imodzi.

Malata ena anawatola n'kuwawongola, koma ambiri anali atapindika mosabwezeka. Ana awo a ku Lilongwe anasonkha ndalama zogulira mitengo ndi zitsulo. Mnyamatayo anakana kumanga ngodya yatsopano mvula ili mkati, ponena kuti sangathire konkire m'dzenje lodzaza madzi, choncho anangotchinga mbali yogumukayo ndi pulasitiki ndi mphasa, n'kumanganso denga lotsalalo ku khoma ndi mawaya atsopano asanu ndi atatu. Banjalo linatha dzinja lonse m'zipinda ziwiri. Pa za lintala yozungulira nyumba anakanganabe mpaka mu Meyi, aphunzitsi akuti ingokhala mbali yogumuka yokha, mmisiri akuti yonse kapena apeze wina. Mayi ndi amene anagamula, pogulitsa mbuzi ziwiri n'kukapereka ndalamayo m'manja mwa mnyamatayo, osadzera kwa bambo.